Njerwa za ku Ndata ndi makina ofunda chitenje

Mwana wa mchemwali wanga atasankhidwa kukaphunzira ku MUST (Malawi University of Science and Technology), yunivesite ya sayansi ya ku Ndata m'boma la Thyolo, ntchito yomuperekeza inagwera ine. Kwathu zotere ndi za malume, makamaka malume wa m'tauni amene anthu amamuyesa wodziwa polowera paliponse. Tinakwera minibasi pa Limbe, sutikesi pamiyendo, ndowa yodzaza sopo, shuga ndi chiponde pansi pa mpando, ndi kathumba ka mbatata komwe mayi ake anakanitsitsa kuti kasatsale. Mayi wina amene tinapanikizana naye mpando, atamva komwe tinkalowera, anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Ku Ndata? Mwanawe, kumene kuja ndi kunja. Ukakafika usakaiwale kwanu."

Sananame mayiyo. Umayenda pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo, nyumba za malata apa ndi apo, njinga zonyamula makala, ndiye mwadzidzidzi kutsogolo kwako kwaima zinyumba zosanjikizana zokhala ngati wina wazinyamula kwina n'kudzazikhazika usiku anthu ali m'tulo. Mtsikana uja anangoti kukamwa yasa. Nanenso ndinasangalala, ndisabise. Koma ndagwira ntchito mu labu zaka zambiri, ndipo maso a munthu wa mu labu ali ndi matenda ake. Anzanga akamasirira makoma, ine ndimafunafuna pomwe pali jenereta, kukula kwa thanki ya madzi, ndiponso ngati pali kachipinda ka munthu wokonza makina. Tsiku limenelo sindinafunse aliyense kanthu, ndinali mlendo wodzasiya mwana. Koma pobwerera, njira yonse ya Midima, mutu wanga unali pa funso limodzi lomwe limandivuta paliponse pomwe boma lamanga malo a kafukufuku: nyumbazi zatheka, nanga cholowa m'nyumbamo mwezi ndi mwezi adzalipira ndani?

Mbiri ya malowa ambiri timaikumbukira. Kumapeto kwa 2007 dziko lathu linasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China, ndipo posakhalitsa zinthu zinayamba kumera: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, malo a misonkhano a BICC, kenako bwalo la masewero la Bingu. Zina zinali mphatso, zina ngongole. Yunivesite ya sayansi inali m'gulu la ngongole, pafupifupi madola 80 miliyoni ochokera ku banki ya Exim ya ku China. Poyamba inkayenera kumangidwa ku Lilongwe, koma Bingu wa Mutharika anaisamutsira ku Thyolo, pa malo a famu yake ya Ndata, ndipo phokoso lomwe linabuka silinali lamasewera. Mwini wakeyo sanaione ikutsegulidwa. Anamwalira mu April 2012 n'kuikidwa konko ku Ndata. Lamulo lokhazikitsa yunivesiteyi linadutsa chaka chomwecho, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 2014.

Za kusamutsako ndinali ndi maganizo anga nthawi imeneyo, ndipo sanasinthe kwenikweni, koma lero ndi madzi otayika. Chomwe sichinatayike ndi ngongole. Timakonda kunena kuti "anatimangira ma China", ngati kuti tinangolandira. Ayi, tinakongola. Obweza ndi inu ndi ine, pamodzi ndi mayi uja wa mu minibasi, nthawi iliyonse akagula paketi ya sopo ya msonkho. Sindikudandaula nazo. Ngati pali chinthu choyenera kukongolera, sukulu ndi chimodzi mwa izo, kusiyana ndi zambiri zomwe takongolerapo. Ndikungofuna kuti tizitchula chinthu ndi dzina lake, chifukwa munthu amasamala mosiyana mbuzi yopatsidwa ndi mbuzi yomwe akuilipirabe.

Ndikuuzeni za makina ena. Malo ake sinditchula, ndipo si ku Ndata.

Kumene ndinkagwira ntchito kunabwera makina opimira magazi, mphatso yochokera kwa abwenzi akunja. Tsiku lowalandira kunali tenti, mipando yobwereka, zokamba zambiri, Fanta ndi masamusa. Mlendo wolemekezeka anadula riboni, anthu a makamera anajambula, ife ovala makhoti oyera tinaimikidwa kumbuyo kuti chithunzi chikome. Injiniya anachokera ku Joni kudzawalumikiza, anatiphunzitsa masiku atatu, n'kukwera ndege. Miyezi yoyamba inali ya ukwati watsopano. Ntchito yomwe tinkaswera nayo tsiku lonse inkatha tisanamwe tiyi. Ndiye mankhwala opimira omwe anabwera ndi makinawo anayamba kutha.

Apa ndi pomwe tinadziwira kuti makinawo sadya china chilichonse koma mankhwala a kampani yomwe inawapanga, ndipo kampaniyo sidziwa kwacha. Tinalemba kalata yopempha. Kalata inapita ku ofesi yogula zinthu, komwe anati tipeze makoteshoni atatu, chonsecho wogulitsa ndi mmodzi dziko lonse lapansi. Titamaliza kufotokoza zimenezo, bajeti ya chaka inali itatsekedwa. Chaka chotsatira anavomera, koma kwacha inali itagwa, ndipo ndalama yomwe anavomerayo inkangokwana theka. Titapeza theka linalo, ku banki kunalibe ndalama zakunja. Tili mkati modikira, magetsi anazima n'kubwerera mwamphamvu usiku wina, kanthu kena mkati mwa makinawo kanapsa, ndipo mgwirizano woti injiniya uja azibwera kudzakonza unali utatha kalekale, poti woperekayo analipirira chaka chimodzi chokha. Mayi wina wosesa, pomva chisoni ndi fumbi, anabweretsa chitenje chake chakale cha chipani n'kuwafunditsa.

Palibe anaba kanthu pa nkhani imeneyi. Palibe amene anali waulesi. Woperekayo anachita zomwe analonjeza, ofesi yogula zinthu inatsata malamulo ake, banki inanena zoona. Chinasowa ndi kandalama kochepa, kobwera pa nthawi yake, chaka ndi chaka, komwe palibe nduna ingaitanire atolankhani. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Kwa munthu wa mu labu manambala amenewa satanthauza za m'nyuzipepala, amatanthauza kuti botolo lomwe unkagula awiri tsopano ugula limodzi, ndipo uyambe kusankha kuti upime ziti, usiye ziti.

Ndiye pali firiji. Anthu ambiri sadziwa kuti mtima wa malo a kafukufuku wa zaumoyo kapena zaulimi si chipinda cha pulofesa, koma firiji yozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro, momwe mumasungidwa magazi, makhololo, tizilombo ndi mbewu zomwe anthu atolera kwa zaka. Magetsi akazima jenereta n'kukana kulira, zaka zonsezo zimasungunuka usiku umodzi. Ndinathamangapo ndi chigubu cha dizilo pa kabaza, pakati pa usiku, nthawi ya mizere ya mafuta, chifukwa cha firiji yotere. Pa mapulani okongola omwe amaonetsa tsiku loika mwala wa maziko, chigubu chimenecho sichijambulidwa.

Tsono tiyeni ku Gulupu. Kumbuyo kwa mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo omwe, m'kuona kwanga, ndiwo mudzi weniweni wa kafukufuku m'dziko muno, ngakhale palibe anaukonzeratu pa pepala. Unamera mosiyana ndi Ndata. Kunayamba anthu ndi mafunso, nyumba zinabwera pambuyo. M'zaka za m'ma 1980 madokotala awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ankafuna kumvetsa chomwe chimapha ana odwala malungo a mu ubongo. Mu 1989 anatulutsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana, yomwe mpaka lero madokotala a maiko ambiri amaitchula ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Mgwirizano wa Malawi-Liverpool-Wellcome unayamba mu 1995. Makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, anafika mu 2008, ndipo mu 2015 gulu la Taylor linaonetsa kuti ana ambiri otere amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali yomwe imayendetsa kupuma. Onani kutalika kwa nthawi: funso limodzi, zaka pafupifupi makumi atatu.

Pamalo pomwepo panachokera kafukufuku wa katemera wa taifodi, yemwe anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018. Zotsatira zitaoneka zabwino, boma linayamba kupereka katemerayu kwa ana dziko lonse mu 2023. Ndipo nyumba yaikulu yamakono ya kafukufuku ndi maphunziro, yotchedwa CREATOR, yomwe ndalama zake zinachokera ku Wellcome, ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi ku University of Liverpool, inatsegulidwa mu 2024. Ndiko kuti nyumba inabwera ntchito itakula kale moti malo anachepa. Nkhokwe inamangidwa chimanga chili pakhomo.

Wina anganene kuti basi, yankho lapezeka, boma lizingopereka malo, abwenzi azichita zotsalazo. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena a ku Gulupu, ngakhale ndimalemekeza ntchito yawo kwambiri.

Wolipira ndiye amasankha funso. Sachita mwankhanza ayi, nthawi zambiri amachita mwaulemu ndithu, koma amasankha. Bungwe la ku London kapena ku Washington limalengeza kuti chaka chino lili ndi ndalama za malungo, za Edzi, za TB, ndipo wasayansi wathu, amene ali ndi ana a sukulu ndi lendi, amalemba pempho lake molunjika komweko. Matenda amenewa ndi athu ndithu, atithera abale. Koma si mafunso athu onse. Ku Thyolo komwe kuli MUST, anthu anazula nthochi minda yathunthu chifukwa cha matenda a chisaka, ndipo tinayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chambo chikuchepa m'nyanja. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo funso loti ndi mbali ziti za mapiri athu zomwe zingagumukenso likufuna munthu woyenda ndi zida chaka ndi chaka, osati ulendo umodzi wa akatswiri ogona ku hotela. Tikunyadira miyala ya ku Kangankunde, ya ku Songwe Hill ndi ya ku Kasiya, koma mwini nthaka amene sangathe kupima yekha mwala wake amakhulupirira zomwe wogula wamuuza. Shuga ndi BP zikugwetsa anthu m'maofesi ndi m'midzi momwe. Mafunso otere alibe bwenzi lokhazikika kunja. Ngati sitiwalipirira tokha, amangokhala.

Ndipo mlendo ndi mame. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ndikudziwa anthu omwe anapita ku ntchito m'mawa n'kubwerako masana ndi kalata. Ena mwa iwo ndi aluso lomwe limatenga zaka khumi kuti munthu alipeze, anthu odziwa kuyendetsa makina omwe m'dziko muno alipo awiri kapena atatu. Sanali pa mndandanda wa malipiro a boma, anali a pulojekiti. Pulojekiti ikatha, munthu wotere amapita kukagulitsa kaunjika kapena amakwera ndege, ndipo sabwerera. Nyumba imatsala.

Si kuti m'dziko muno sitidziwa kulipirira kafukufuku wathu. Pa Mimosa ku Mulanje, ulendo wosatalika kuchokera ku Ndata, pali Tea Research Foundation of Central Africa, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuyendetsedwa ndi ndalama zomwe alimi ndi makampani a tiyi amasonkha okha. Mitundu ya tiyi yomwe inapangidwa kumeneko inafika mpaka m'minda ya maiko ena. Fodya nayenso ali ndi bungwe lake la kafukufuku la ARET, lomwe limadya kuchokera pa ndalama yodulidwa pa malonda a fodya. Munganene zambiri za tiyi ndi fodya, za malipiro a anthu othyola masamba ndi zina zotero, ndipo ndingavomereze. Koma eni mbewu ziwirizi anazindikira kalekale kuti kafukufuku ali ngati feteleza, sagulidwa kamodzi. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti nzeru yomweyi sitinaitengere ku nsomba, ku nthochi, ku migodi, kapena ku magetsi.

Pa pepala zonse zilipo. Maiko a mu Africa anagwirizana kuti aliyense aziika gawo limodzi pa magawo 100 a chuma chake pa kafukufuku. Lamulo lathu la sayansi la 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology pamodzi ndi thumba lothandizira kafukufuku. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula sayansi ndi luso mobwerezabwereza. Koma funsani mphunzitsi aliyense wa pa yunivesite ya boma kuti ndalama yomwe boma limatumiza imathera kuti, adzakuuzani kuti malipiro amameza pafupifupi yonse, yotsalayo n'kupita ku madzi, magetsi ndi ngongole zakale. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, kukhala UNIMA ku Zomba, MUBAS (yomwe inali Poly) ndi KUHeS (ya zaumoyo). Zifukwa zake zinalipo ndipo zina zinali zomveka. Koma yunivesite iliyonse yatsopano imabwera ndi khonsolo yake, akuluakulu ake, maofesi awo ndi magalimoto awo, ndipo zonsezi zimadya pa mbale imodzimodzi yomwe botolo lija la mankhwala opimira likudikira.

Za yunivesite ya Mombera sindichulutsa, a ku Mzimba anazinena kale mokwanira. Mwala wa maziko unaikidwa mu 2015. Dzina linasinthidwa kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Msewu wa phula unamangidwa. Zaka khumi zinakwana popanda wophunzira ngakhale mmodzi kulowa m'kalasi. Pomwe Ndata inali ndi ngongole yakunja yomwe inabwera ndi kontilakitala wake ndi tsiku lomalizira, Mombera inadalira bajeti yathu, ndipo bajeti yathu inaonetsa khalidwe lake. Ichi chimandiwawa kuvomereza, poti ndine amene ndikunena kuti tizilipira tokha.

Komabe ubwenzi wabwino ndinauonapo, ndipo umadziwika ndi chinthu chimodzi: umasiya chinthu chomwe tingathe kuchikonza chikawonongeka. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi kamakina kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, kotchedwa Pumani. Kanapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku Texas ndi madokotala ndi anamwino a ku Gulupu, ndipo koyambirira kake kankagwiritsa ntchito pampu ya mu thanki yowetera nsomba za m'nyumba. Si kokongola ngati makina athu aja ofunda chitenje, koma kakavuta, mnyamata wa sikuludiraiva amene anaphunzira ku Poly amakatsegula n'kukadzutsa. Ubale womwewo unabala zipinda zopangira ndi kuyesera zida pa Poly ndi pa MUST, momwe ophunzira amagwira waya ndi manja awo. Sukulu ya ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, yomwe UNICEF inatsegula mu 2020, mogwirizana ndi Virginia Tech ndi MUST, inatsata njira yofananayo, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kukonza, osati kungoulutsa.

Ndikanakhala phungu, tsiku lomwe nduna yabweretsa bilu yokongolera ndalama zomangira malo ena a kafukufuku, sindikanafunsa za kutalika kwa nyumba. Ndikanafunsa kuti pa zaka khumi zoyamba dizilo, mankhwala opimira ndi injiniya wokonza makina zalembedwa pa tsamba liti, ndipo ndalama zakunja zogulira zimenezo adzazipatula bwanji. Ndikanafunsa kuti ndi amisiri angati a mu labu omwe adzalembedwe ntchito yokhazikika ya boma, ya penshoni, kuti pulojekiti ikatha asabalalike. Ndipo kwa bwenzi lobwera ndi mphatso ya makina, ndikanapempha mwaulemu kuti m'malo mwa makina awiri atipatse amodzi, ndalama ya enawo ikhale yowadyetsa zaka zisanu. Ndikudziwa kuti mafunso otere sawomberedwa m'manja. Phungu amene angabwerere kwawo n'kunena kuti wamenyera nkhondo mgwirizano wokonza firiji sangapambanenso chisankho, pomwe mnzake woimika chipilala cholembedwa dzina lake amavinidwa ndi amayi.

MUST inayambitsa thumba lake lomwe makampani ndi anthu akufuna kwabwino amaponyamo ndalama kuti zizibereka, ndipo ndimaona kuti ndi nzeru. Lidzatenga nthawi kuti likule, koma ndalama yotere ndi yomwe ingalole mphunzitsi kufunsa za nthochi popanda kudikira kuti wina ku Ulaya achite chidwi ndi nthochi. Mtsikana uja wa mbatata tsopano amalankhula za miyala ndi nthaka mawu omwe ine sindiwamva, ndipo akabwera pa holide amatola timiyala m'mbali mwa msewu n'kumatiyang'anitsitsa, mayi ake n'kumaseka kuti sukulu yamupenga mwana.

Mwezi wathawu ndinadutsa kumene ndinkagwira ntchito kuja, kukapereka moni kwa anzanga. Makina aja ali pomwe ndinawasiya, pakona pafupi ndi zenera. Pamwamba pake pakhala ketulo ndi makapu awiri. Mayi wosesa uja anapuma ntchito, koma amene analowa m'malo mwake anaona kuti chitenje chakalecho chasuluka, ndiye anachichotsa n'kufunditsa china chatsopano, cha chipani china.